Kanjira ka kuseri kwathu

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kanjira kopanda dzina. Ife timangoti kampata. Kamadutsa pakati pa mizere iwiri ya mapuloti, 9 mbali ino ndi 9 mbali inayo, n'kukatulukira ku msewu wa tala pafupi ndi chigayo. Dera lathu ndi limodzi mwa madera aja amene boma linkadula mapuloti n'kumuuza munthu kuti amange yekha monga angathere, aja amati THA, ofanana ndi Kawale, Zingwangwa kapena Chilomoni. Malemu bambo anga analandira pulotiyi m'zaka za m'ma 1980, madera oterewa akadali m'manja mwa Malawi Housing Corporation, asanaperekedwe ku makhonsolo. Ndili mtsikana, lole ya nkhuni inkalowa m'kampatako n'kukatulukira mbali inayo osakhudza mpanda wa munthu.

Lolemba lina mu Novembala 2022 ndinasenza chimanga kupita kuchigayo, ndipo nditafika kumapeto kwa kampata ndinapeza anyamata anayi akukumba. Ngalande ya maziko inali itadula kanjirako kuchokera mpanda uku kufika mpanda uko. Pambali panali mulu wa miyala ndi matumba a simenti atafunditsidwa pepala lakuda.

"Achimwene, mukukumba chiyani panjira?"

"Mayi, ife ndi aganyu chabe. Funsani abwana."

Abwanawo anali bambo wina wabizinesi amene anagula puloti ya pakona chaka chapitacho. Anandilandira mwaulemu ndithu, mpaka kundipatsa mpando. Anati malowo anawapempha kukhonsolo, anawapatsa, mapepala ali nawo, ndipo akufuna kumangapo mashopu atatu. Anawonjezera kuti, "Komanso amayi, kanjira kameneka kakungosunga akuba ndi zinyalala. Ndikukuthandizani." Mapepalawo sanandionetse, inenso sindinawapemphe. Ndinabwerera ndi chimanga changa kuzungulira njira yaitali, mtima uli phaphapha.

Kulakwitsa kwathu koyamba kunali kutaya masabata atatu kwa amfumu. Tinapita azimayi asanu, tinagwada, tinapereka kangachepe monga mwa mwambo, anatiuza kuti aitanitsa bwalo. Bwalo loyamba mwini maziko sanabwere. Lachiwiri anatuma kapitawo wake. Pofika lachitatu khoma linali litafika m'chiuno, ndipo m'pomwe tinamva kuti amfumu omwewo analemba kale kalata yonena kuti anthu a m'deralo sakutsutsa. Palibe amene anatifunsa. Sindikunyoza mafumu a m'tauni, pamaliro ndi pa mikangano ya m'mabanja amatigwira mkono kwambiri. Koma m'dera lodulidwa mapuloti ndi boma, mfumu ilibe mphamvu yopereka malo kapena yoletsa womanga. Tinkagogoda pakhomo lolakwika pomwe simenti ikuuma.

Mvula itayamba mwamphamvu mu Januwale tinadziwa ntchito ina ya kampata imene sitinkaiganizira. Dera lathu ndi lotsetsereka pang'ono, ndipo madzi onse a m'madenga 18 aja ankatsika ndi kanjirako kukagwera mu ngalande ya msewu waukulu. Madzi saiwala khwawa. Atapeza khoma anaima, nadzaza ngati dziwe, kenako analowa m'mabwalo a nyumba zinayi za kumunsi. Usiku umenewo ndinadzutsidwa ndi alendi anga, banja lachinyamata lokhala m'zipinda ziwiri za kuseri, matiresi ali pamutu, mwana akulira. Chimbudzi cha aneba chinasefukira. Kumbukirani kuti imeneyi inali nyengo ya kolera ija, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka masukulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anachedwa kutsegulidwa. Tinaitana galimoto yopopa zimbudzi. Dalaivala anafika, anayang'ana khoma lija, anayeza paipi yake ndi maso, n'kunena kuti siifika. Anatilipiritsabe ya mafuta.

Chimene chinatidzutsa tonse chinali maliro. Agogo ena amene ankachita lendi kanyumba ka kuseri pa puloti yachinayi anamwalira. Khomo lawo linkayang'ana kukampata, ndipo kutsogolo eni puloti anamanga nyumba yodzaza malo onse, kusiya mpata wongokwana munthu mmodzi choyenda cham'mbali. Mbali ya kumtunda ya kanjira inali matope okhaokha ndiponso yopanikizika. Bokosi linachita kukwezedwa pamwamba pa mpanda wa njerwa, amuna atatu mbali ino, atatu mbali inayo, wina ataima pa ndowa yovundikira, azimayi a kwaya atasiya nyimbo pakati n'kumangoti, "Pang'onopang'ono, pang'onopang'ono." Mwana wamkazi wa malemuwo anatembenukira kukhoma kuti asaone. Madzulo a tsiku lomwelo tinakhala pansi anthu a mapuloti 14.

Mlamu wanga amajambula mapulani a nyumba, ndipo ndi iye amene anatiuza chinthu chimene ndikanakonda kudziwa mu Novembala muja. Anati dera lililonse lodulidwa mapuloti lili ndi mapu ake, amene akatswiri amati leyauti, osonyeza nambala ya puloti iliyonse, kukula kwake, misewu, tinjira, ngalande ndi malo osiyidwa dala a msika, sukulu kapena bwalo la masewera. Ngati kanjira kali pa mapuwo ndiye kuti si malo otsala ongodikira wochenjera. Ndi malo a anthu onse. Anatiuzanso kuti kukhonsolo kuli maofesi awiri amene anthu timawasokoneza. Ina imayang'anira mapuloti, za lendi ya malo, kusintha umwini ndi kupereka malo. Ina ndi ya mapulani, imene imaona ngati chomwe ukufuna kumanga n'chololedwa pamalopo. Munthu akhoza kukhala ndi kalata yochokera ku ofesi yoyamba koma alibe chilolezo chomanga. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1988, limafuna kuti aliyense womanga kapena wosintha kagwiritsidwe ntchito ka malo ayambe walandira chilolezo, ndipo zopempha zoterezi zimadutsa ku komiti ya mapulani. Womanga popanda chilolezo akhoza kupatsidwa kalata yomuimitsa, ngakhale kulamulidwa kugumula.

"Ndiye musakafunse kuti chifukwa chiyani mwagulitsa njira yathu," anatero mlamu. "Mukatero akakuuzani kuti abwana atuluka. Mukapemphe kuona zinthu zitatu: mapu a deralo, kalata yomwe munthuyo anapemphera malowo, ndi chilolezo chake chomanga."

Ulendo woyamba tinapita awiri, ine ndi bambo wina wopuma ntchito ya uphunzitsi amene tinamusankha kukhala mlembi. Tinangolankhula pakamwa. Anatiuza kuti tibwere mawa. Mawa lake wosunga mafailo anali kumaliro. Lachisanu magetsi anali atazima. Sindikuganiza kuti onse ankatizemba dala, ena ankaoneka otopa chabe, tebulo litadzaza mafailo omangidwa ndi zingwe mpaka pansi. Koma mawu apakamwa mu ofesi sakhalitsa. Ukangotuluka pakhomo nawonso atuluka.

Tinalemba kalata. Inali ya tsamba limodzi, yopita kwa mkulu wa khonsolo, makope kwa mkulu wa mapulani ndi kwa khansala wa wodi yathu. Tinatchula manambala a mapuloti onse ozungulira kanjirako, tsiku lomwe kukumba kunayamba, za madzi, za galimoto yopopa ija ndi za maliro. Mawu okalipa tinawachotsamo onse, ngakhale ena mwa ife ankafuna kuti mawu akuti katangale alembedwe ndi zilembo zikuluzikulu. Aphunzitsi aja anakana. Anati chimene sungathe kuchitsimikiza usachilembe, chifukwa mawa udzapezeka ndiwe woyankha mlandu wonyoza munthu, nkhani ya njira itaiwalika. Tinasaina anthu 14, aliyense ndi nambala ya puloti yake, n'kuphatikizapo zithunzi zinayi zojambula pafoni.

Apa mvetsetsani bwino. Kalata iliyonse muzipita nayo iwiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku lomwe ailandira, mubwerere nayo kunyumba. Mtsikana wa pa desiki yolandirira makalata anayamba wakana, akuti chidindo chili kwa abwana. Tinakhala pa benchi maola awiri mpaka chinapezeka. Patapita mwezi, munthu wina wa kukhonsoloko anatiuza kuti kalata yathu sinafike, ndipo ndinangotulutsa kope yodindidwayo m'chikwama n'kuiika patebulo osanena kanthu. Inapezeka tsiku lomwelo.

Mapu aja anatuluka chifukwa cha lamulo lina limene ambiri timalimvera pawailesi osaligwiritsa ntchito, lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ndi zikalata za boma, Access to Information Act. Linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti ofesi iyankhe pempho. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. M'kalata yachiwiri tinangolitchula m'chiganizo chimodzi, n'kulemba zinthu zitatu zija. Masiku 15 anadutsa pang'ono, komabe anatiitana.

Mapuwo anali pepala lalikulu lachikasu chifukwa cha ukalamba, long'ambika m'mapindo, lomatidwa ndi selotepi. Bambo wa mapulani analiyala patebulo n'kutsindira m'makona ndi sitepula ndi kapu ya tiyi. Kampata kathu kanali pomwepo, mizere iwiri yowongoka, mamita 4 m'lifupi, kuchokera kumtunda mpaka kumsewu wa tala. Ndinaona nambala ya puloti ya bambo anga italembedwa ndi dzanja la munthu amene mwina anamwalira kalekale, ndipo misozi inalengeza, sindidziwa chifukwa chake.

Failo ya mnzathu wa mashopu inasonyeza kuti sananame kwenikweni, koma sananenenso zonse. Anapemphadi kuti puloti yake ikulitsidwe kutenga chigawo cha kanjirako, ponena kuti sikagwiranso ntchito. Kalata ya amfumu inali momwemo. Analandira kalata yomuuza kuti pempho lake lalandiridwa ndipo likuganiziridwa, analipira ndalama ya fomu, lisiti lake lilipo. Mapepala amene ankanena aja anali amenewo. Komiti ya mapulani inali isanakambirane nkomwe nkhaniyi, ndipo chilolezo chomanga panalibe. Iye anawerengera kuti nyumba ikafika padenga palibe adzalimbe mtima kuigwetsa, ndipo kunena zoona nthawi zambiri zimaterodi.

Sabata yotsatira anthu a khonsolo anabwera n'kupaka chizindikiro chofiira cha X pakhomalo, napereka kalata yoimitsa ntchito. Tinavina. Tinafulumira kuvina.

Khonsolo inati itumiza woyeza malo kuti adzapeze malire enieni a kanjira konse, osati pakona pokha. Anabwera Lachitatu m'mawa ndi anyamata awiri, tepi yaitali ndi makina ake a miyendo itatu. Anayamba kufunafuna mabikoni, timiyala ta simenti tija tokhala ndi kachitsulo pakati timene timakwiriridwa m'makona a puloti. Ena anazulidwa kale, ena anapezeka pansi pa maziko a mipanda. Atafika kwathu anayeza, nabwerera, nayezanso, kenako anapempha khasu. Anakumba mkati mwa khola langa la nkhuku, nkhuku zili kwekwekwe, ndipo bikoni ya bambo anga inatulukira pafupi ndi chomwera madzi. Khola lonse ndi theka la bafa zinali m'kanjira. Ndinali nditadya mita imodzi ndi kachidutswa.

Sindinabe dala, kapena ndinene kuti sindinkakutcha kuba. Cha m'ma 2008 aneba a kumtunda anasuntha mpanda wawo wa udzu pang'ono pomanga wa njerwa. Wotsatira anafola ndi iwowo kuti mzere uwongoke. Inenso pomanga khola ndinafola ndi anzanga. Zinali zaka zija dziko linakhala lopanda makhansala, kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014, ndipo m'dera mwathu simunkadutsa aliyense wofunsa za malire. Pa mapuloti 18, atatu okha ndi amene anapezeka ali m'malire awo. Njira ya mamita 4 ija, malo ena inali itatsala mita imodzi ndi theka mwini mashopu asanabwere n'komwe. Ndipo zinyalala zimene ankanena zija zinali zathu. Tinkataya phulusa, makoko ndi matewera kuseri kwa mipanda yathu chifukwa kunali kuseri.

Bambo wa mashopu anaima poteropo manja ali m'thumba, akumwetulira. "Amayi, anyani amasekana zikundu," anatero. Ndinalibe poyankha.

Gulu lathu linagawanika madzulo omwewo. Anthu asanu anafuna kuti mayina awo achotsedwe pakalata. Wina anali ndi zipinda ziwiri za lendi zoima theka m'kanjira, ndipo ndalama ya fizi ya ana ake imachokera momwemo, sindingamuweruze. Wina anandinena m'maso kuti ndaitana njoka m'nyumba. Kwa masabata awiri anthu amene tinkapatsana moto ndi mchere ankandidutsa osandipatsa moni. Ngati mukuganiza zoyamba nkhondo yotereyi, yambani mwafufuza bikoni yanu. Muuzane zoona pa msonkhano woyamba, kuti tepi ikabwera idzayeza aliyense, kuti wofuna kubwerera abwerere pomwepo osati pakati pa mtsinje.

Ine ndinagumula khola Loweruka lotsatira. Nkhuku 11 ndinagulitsa zisanu ndi imodzi, zotsalazo zinagona m'khitchini mwezi wathunthu. Bafa ndinalisuntha ndi ndalama ya banki m'khonde. Sindinachite izi chifukwa cha chiyero cha mtima ayi, ndinangoona kuti sindingakaime pamaso pa komiti kunena za khoma la wina khola langa lili panjira. Aphunzitsi aja anatsatira, kenako ena atatu.

Khansala wathu anatithandiza m'njira imodzi yofunika, anatiuza tsiku lomwe nkhaniyi ikakambidwe ndipo anaonetsetsa kuti kalata yathu yotsutsa ili m'failo. Mlamu anatikumbutsanso kuti paipi yaikulu yobweretsa madzi m'nyumba zathu inakwiriridwa m'kanjira komweko. Tinalembera a bungwe la madzi, iwo anatumiza munthu kudzaona, ndipo analemba kuti sangalole nyumba pamwamba pa paipi yawo chifukwa ikaphulika alibe pokumba. Ndikukhulupirira kuti kalata imeneyo inalemera kuposa masaini athu onse. Ngati m'kanjira kanu muli paipi, mapolo a magetsi kapena ngalande, eni ake a zinthuzo ndi mboni zanu, ndipo iwo amamvedwa msanga kuposa mayi wogulitsa mandasi.

Ena ankatiuza kuti tingothamangira kukhothi kukatenga chiletso. Tinakafunsa kwa loya wina ndipo mtengo umene anatchula unatibweza. Anatiuzanso moona mtima kuti wopempha chiletso amalonjeza kudzalipira zomwe mnzakeyo wataya ngati mlandu utamugomera. Tinamvanso za Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, ndi ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo okhudza maofesi a boma, ndipo tikanapitako khonsolo ikanapitiriza kukhala chete. Sizinafike pamenepo.

Komiti inakana pempho lokulitsa puloti. Khoma lotseka njira linagwetsedwa mu Juni 2023 ndi anyamata omwe aja amene analimanga, ndipo mmodzi anandipatsa moni akuseka, "Mayi, ganyu ndi ganyu." Koma musaganize kuti tinapambana zonse. Shopu imodzi ya m'mphepete, imene inali itafoleredwa kale, ikadalipo, ndipo yadya pafupifupi mita ya kanjirako. Mwini wake anachita apilo, nkhaniyo ikuyendabe mwakachetechete kumene ikuyendako. Zipinda za lendi za aneba aja nazonso zilipo. Tinagwirizana patokha kuti tisazikakamire, ndipo khonsolo sinabwerenso kudzafunsa. Lero kampata ndi ka mamita 3 malo ambiri, pena kucheperapo. Lole ya nkhuni singadutse, koma galimoto yopopa zimbudzi inalowa chobwerera m'mbuyo chaka chatha, dalaivala akutukwana, ndipo inagwira ntchito yake.

Zonse pamodzi zinatitengera miyezi 7, maulendo opita kukhonsolo amene ndinasiya kuwerenga atakwana 12, ndi ndalama za minibasi ndi fotokope zimene tinkasonkha mwezi ndi mwezi. Makope a mapu aja tinapanga atatu, ali m'nyumba zitatu zosiyana, anga ndinawakulunga m'jumbo n'kuwaika pansi pa sutikesi pamodzi ndi mapepala a puloti. Loweruka loyamba la mwezi timasesa kanjirako ndi kufukula ngalande. Obwera ndi omwewo asanu kapena asanu ndi mmodzi, enawo amangosuzumira pampanda. Tinaikanso babu pakona ya aphunzitsi, chifukwa nkhani ya akuba ija inali yoona, ndipo aliyense wofuna kudzapemphanso malowa adzayambira pomwepo, kuti njirayi ndi yakufa.

Bambo wa mashopu timapatsana moni tsopano. Misomali ya khola latsopano ndinakagula kwa iye, anandichotserako pang'ono.

Sabata yatha mwana wa aneba a puloti yachisanu ndi chiwiri watsitsa mchenga ndi njerwa pakati pa kampata. Ndinamufunsa, akuti n'zongosungirapo masiku awiri, akukonza khitchini ya amayi ake. Ndamujambula chithunzi muluwo, tsiku likuoneka pakona. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi.